Thaulo loyera la John Thompson ndi matepi athu a ku Mulanje

M'mwezi wa June wapitawu, chiperoni chitakuta phiri la Mulanje kwa masiku atatu moti ngakhale thanthwe la Chambe silinkaoneka, tinakumana amuna asanu ndi mmodzi pa maliro a mnzathu wa ku sekondale, kumudzi kwawo chakumtunda kwa Chitakale. Amayi anali m'nyumba ya siwa akuimba nyimbo za chitonthozo, ndipo ife amuna tinali panja titazungulira chitsa cha bulugamu chimene chinkafuka utsi wambiri kuposa kutulutsa moto. Dzina lenileni la malemuyo ambiri a ife tinaleka kulitchula kalekale, pakuti kuyambira tili Fomu 2 tinkangomutcha Akeem, ndipo usiku umenewo dzinali linamveka kambirimbiri mpaka mkulu wina wa mpingo, amene anakhala chete nthawi yaitali akutimvetsera, anafunsa mwaulemu kuti, "Pepani abambo, kodi malemuwa anakhalapo Msilamu asanalowe mpingo wathu?" Tinaseka chapansipansi monga mmene anthu amasekera pa maliro, ndipo kuyankha funso limenelo kunatitengera usiku wonse.

Achinyamata a lero, amene amaonera basketball ya akatswiri a ku America ya NBA pa foni ali m'minibasi ya ku Limbe, sangamvetse msanga mmene zinthu zinalili. Dziko lino linalibe wailesi ya kanema yakeyake mpaka chaka cha 1999, ndipo mpira umene tinkaudziwa unali wa miyendo, wa Bata Bullets ndi Limbe Leaf Wanderers, umene tinkaumvera pa MBC, kuphatikizapo ntchemberembaye imene alongo athu ankasewera kuseri kwa makalasi. Basketball inafika pa sukulu pathu mu 1989 ndi mphunzitsi wa masamu wa ku America, mmodzi mwa a Peace Corps aja, amene anapempha wowotcherera zitsulo wa pa Chitakale kuti amupindire mikombero iwiri, naikhomera pa matabwa a paini m'mbali ziwiri za bwalo lafumbi. Anali nayonso katoni ya matepi asanu a vidiyo amene bambo ake anamujambulira kwawo, ndipo onse asanu anali a masewero a m'makoleji, osati a akatswiri olipidwa. Deki ndi sikirini tinkabwereka kwa kalaliki wamkulu wa pa esiteti ina ya tiyi, ndipo popeza matepi a ku America ndi a NTSC pamene makina a kuno ndi a PAL, chithunzi chinkatuluka chakuda ndi choyera basi, chikunjenjemera kumtunda kwake ngati munthu wa malungo. Ndinafika pokwatira ndisakudziwa kuti mtundu wa timu ya koleji ya North Carolina ndi wabuluu ngati thambo la mu August.

Mphunzitsiyo anatilongosolera pa bolodi kuti chaka chilichonse mu March makoleji a ku America amalimbirana chikho cha bungwe la NCAA, chimene chinayamba mu 1939, ndi kuti wogonja kamodzi amamanga katundu n'kubwerera ku sukulu. Popeza kuyambira 1985 matimu olowa m'mpikisanowo anali 64, iye anapezerapo mwayi wotiphunzitsa masamu, natiuza tigawe 64 ndi 2 mobwerezabwereza mpaka titapeza kuti timu iyenera kupambana kasanu ndi kamodzi motsatizana kuti inyamule chikho. Koma chimene chinatikoka mtima n'chakuti osewerawo anali ana a sukulu ngati ife, a zaka zoyambira 18 mpaka 22, osalandira malipiro m'masiku amenewo, okhala ndi mayeso owadikira akatuluka m'bwalo. Ambiri a ife tinayamba sukulu mochedwa, moti m'kalasi mwathu munali anthu a ndevu amene anali aakulu kuposa anyamata amene tinkawaombera m'manja pa sikirini.

Tepi imene tinaikonda koposa inali ya ndime yomaliza ya pa 29 March 1982, mu Superdome ya ku New Orleans, pamaso pa anthu oposa 61,000, pamene North Carolina ya mphunzitsi Dean Smith inakumana ndi Georgetown ya mphunzitsi John Thompson. Tinaionera kambirimbiri moti ena ankatha kutsanzira mawu a owulutsa, ngakhale kuti Chingerezi chawo chinkathamanga kuposa makutu athu. Masewerowo anayamba modabwitsa, pakuti Patrick Ewing wa Georgetown, mnyamata wobadwira ku Jamaica amene anali m'chaka chake choyamba, ankamenya mpira uliwonse wolunjika ku mkombero wake ngakhale utayamba kale kutsika, chimene malamulo amaletsa, ndipo mapointi asanu ndi atatu oyambirira a North Carolina anachita kupatsidwa ndi oyimbira mpira usanakhudze n'komwe ukonde. Ife tinkaona ngati ndi uchitsiru, koma mphunzitsi wathu anati mnyamatayo ankabzala mantha, kuti aliyense woyandikira mkombero aziyamba wayang'ana kumwamba. James Worthy wa North Carolina anamaliza ndi mapointi 28, Ewing ndi 23. Kutatsala masekondi osakwana 20, Georgetown ikutsogola 62 kwa 61, mpira unafika kwa Michael Jordan, wa zaka 19, chakumanzere kwa bwalo, ndipo iye anadumpha, nauponya, mpira n'kulowa.

Kuponya kumeneko ndi kumene kumaonetsedwa mpaka lero kulikonse kumene akukamba za chiyambi cha Jordan, koma ife a ku Mulanje chimene tinasunga ndi chimene chinatsatira. Fred Brown wa Georgetown anatenga mpira n'kuwoloka nawo pakati pa bwalo, nthawi yogoletsa ikadalipo, kenaka anaima, nayang'ana kumanja, n'kuupereka m'manja mwa Worthy, wa timu inayo, mofatsa ngati mmene mwana amaperekera madzi kwa mlendo. North Carolina inapambana 63 kwa 62. Pamene ena onse ankadumphadumpha, Thompson, chimunthu chotalika mamita 2.08, thaulo loyera lili pa phewa, anapita kwa Brown namukumbatira, namunong'oneza mawu amene ife sitinawamve. Nthawi iliyonse tepi ikafika pamene Brown akuwoloka mzere wa pakati, Akeem ankakwera pa benchi la m'holo yodyera n'kukuwa kuti, "Usampatse ameneyo, si wako!" Ankatero ngakhale anali ataonera kakhumi, ndipo Brown akapereka mpirawo, iye ankatsika pa benchi atagwira mutu ngati tsoka langochitika kumene.

Ndiyenera kufotokoza chifukwa chake Thompson, amene anagonja, anatilowa mumtima kuposa Smith, amene anapambana. Ambiri a ife tinali ana a anthu othyola tiyi, a alonda, a makapitawo ndi a makalaliki a m'maesiteti, ndipo tinakula tikuona kuti munthu wakuda akakwera kwambiri amafika pa ukapitawo, pamene wokhala m'nyumba ya pa chitunda, ya kapinga wometedwa bwino, nthawi zambiri ankakhala mzungu. Tsono kuona munthu wakuda atavala suti, akulamula bwalo lonse, akukalipira oyimbira maso ndi maso, azungu akumumvera ndi kulemba zimene akunena, chinali chinthu chimene palibe buku la ku sukulu linatikonzekeretsa. Mbiri yake tinaitola pang'onopang'ono m'zaka zotsatira. Anasewerako Boston Celtics, timu ya NBA, ngati wolowa m'malo mwa Bill Russell, ndipo mu 1972 anatenga timu ya Georgetown imene chaka chapitacho inapambana masewero atatu okha mwa 26. Pa tebulo la mu ofesi yake ankasungapo mpira wophwa, wopanda mpweya, pofuna kukumbutsa anyamata ake kuti tsiku lina mpweya udzatha ndipo chidzatsale ndi maphunziro. Mu January 1989, chaka chomwe ife tinkayamba kugunditsa mpira pa fumbi, iye anatuluka m'bwalo masewero asanayambe, potsutsa lamulo latsopano la NCAA limene likanamana thandizo la maphunziro ana osakhoza bwino mayeso olowera ku koleji, amene ambiri a iwo anali ochokera m'mabanja osauka a anthu akuda. Ife amene tinkadziwa kuwawa kwa kubwezedwa pa geti chifukwa cha fizi sitinafune wotimasulira nkhani imeneyo.

Dzina la malemu mnzathu linachokera pa tepi ya 1983. Timu ya Houston, ya mphunzitsi Guy Lewis, inali ndi Clyde Drexler ndi mnyamata wa ku Lagos, Akeem Olajuwon, amene m'zaka za pambuyo pake anakonza kalembedwe ka dzina lake kukhala Hakeem. Titamva kuti ndi wa ku Nigeria, ndiponso kuti kwawo anayamba ndi kugwira pa golo m'mpira wa miyendo asanakhudze basketball ali kale mnyamata wamkulu, holo yonse inasanduka ochemerera a Houston. Mnzathuyo nayenso anali goloboyi wa sukulu, wamtali ngati mlongoti, wa mapazi amene nsapato zake zinkasowa pa msika wa Limbuli, ndipo dzinalo linamukakamira usiku womwewo. Masewero a pa 4 April 1983 ku Albuquerque anatha moti mpaka lero amandiwawa. Zigoli zili 52 kwa 52, Dereck Whittenburg wa North Carolina State, koleji yosiyana ndi ya Smith ija, anaponya mpira ali kutali kwambiri, mpirawo unaperewera, ndipo Lorenzo Charles anaulandira m'mwamba pafupi ndi mkombero n'kuuthira mkati nthawi ikutha. Olajuwon, amene usiku wonse anali mwini wa malo amenewo, pa sekondi imeneyo yokha sanadumphe nawo. Mphunzitsi wa opambanawo, Jim Valvano, anathamanga uku ndi uku m'bwalo akusakasaka womukumbatira, ndipo ngakhale tinali okwiya, kuthamanga kwake kunatiseketsa. Olajuwon anasankhidwabe kukhala wosewera wopambana onse wa ndime zomalizazo, ali wa timu yogonja. Valvano anamwalira ndi khansa mu 1993, ndipo Charles anafa mu 2011 pa ngozi ya basi imene ankayendetsa yekha.

Pa moto paja ndi pamene ndinaona mmene chikumbumtima cha wochemerera chimanamizira mwini wake. Mmodzi wa ife, amene tsopano amagulitsa nanazi ndi nthochi m'malole opita ku Blantyre, analumbira kuti Houston ndiyo inapambana, ndipo anati akukumbukira bwino Olajuwon atanyamula chikho. Tinamutsutsa anthu asanu, iye osagonja, mpaka mwana wa mlongo wa malemuyo anatulutsa foni n'kutiwerengera kuti 54 kwa 52. Mnzathuyo anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Achimwene, ndiye kuti ine ndinkatuluka tepi isanathe." Ndikuganiza kuti ananena zoona mosadziwa. Houston ya Olajuwon inafika ndime yomaliza kawiri, mu 1983 ndi mu 1984, ndipo inagonja kawiri konse, koma zikho zimene iye anazinyamula ndi timu ya NBA ya Houston Rockets mu 1994 ndi 1995 zinabwerera m'mbuyo m'mutu mwa mnzathuyo n'kukakhala pa tepi yolakwika.

Za matepi ena awiri ndilibe zambiri. Ya 1979, ya Magic Johnson wa Michigan State ndi Larry Bird wa Indiana State, imene inatha 75 kwa 64, deki inaitafuna chapakati ndipo tinailumikiza ndi selotepi, moti theka lachiwiri linkayamba mwadzidzidzi ngati munthu wolowa m'nyumba osagogoda. Ya 1985 tinkaida, chifukwa Villanova inagonjetsa Georgetown yathu 66 kwa 64 poponya mipira 28 yokha n'kulowetsa 22, ikusunga mpira mosafulumira popeza wotchi yokakamiza timu kuponya inali isanayambe kugwira ntchito m'chikhocho. Imeneyo tinaionera kawiri kokha, ndipo kachiwiriko kanali kokakamizidwa.

Tepi yachisanu inali yatsopano, ya masewero wamba a Georgetown, ndipo mmenemo tinaonamo Dikembe Mutombo wa ku Kinshasa, wotalika mamita 2.18, ataima pambali pa Alonzo Mourning ngati mitengo iwiri ya mkungudza. Mutombo anapita ku Georgetown mu 1987 ndi thandizo la maphunziro la USAID, cholinga chake chili chodzakhala dokotala, ndipo Thompson ndi amene anamukokera ku bwalo. Udokotalawo sanaufike, pakuti anamaliza mu 1991 ndi digiri ya zilankhulo ndi ukazembe, koma mu 2007 anatsegula chipatala chachikulu ku Kinshasa chimene anachitcha dzina la mayi ake, Biamba Marie Mutombo. Atamwalira pa 30 September 2024 ndi khansa ya mu ubongo ali ndi zaka 58, Akeem wathu anandiimbira foni m'mamawa, chinthu chimene sankachita kawirikawiri chifukwa cha mayunitsi, ndipo mawu ake oyamba anali akuti, "Wamva za m'bale wathu uja?" Palibe wa ife anakumanapo ndi Mutombo, koma sindinafunse kuti m'bale wake uti.

Aphunzitsi ena a matimu tinawadziwa mwa nthano chabe, pakuti matepi awo panalibe. Tsiku loyamba kuyeserera, mphunzitsi wathu anatikhazika pansi pa mtengo wa mango natiuza za John Wooden wa UCLA, amene anatenga zikho 10 m'zaka 12, kuyambira 1964 mpaka 1975, zisanu ndi ziwiri mwa izo motsatizana, ndipo nthawi ina timu yake inapambana masewero 88 osagonjako. Anati Wooden ankayamba chaka chilichonse pophunzitsa anyamata ake, kuphatikizapo akatswiri ngati Lew Alcindor amene anadzakhala Kareem Abdul-Jabbar, kavalidwe ka masokosi, kuwakoka bwinobwino kuti pasakhale khwinya pa chidendene kapena pa zala, chifukwa khwinya limabala thuza ndipo thuza limakhazika munthu pa benchi. Atamaliza anatiuza kuti tivule nsapato tiyeserere. Anayang'ana pansi, ndipo ndi pamene anazindikira kuti mwa anyamata 14 amene tinali pamenepo, a masokosi anali atatu, ndipo ena asanu analibe ndi nsapato zomwe. Nkhope yake inafiira ngati phwetekere, ife tikuseka mpaka kugubuduzika, koma chodabwitsa n'chakuti pa moto paja tinapezeka kuti tonse asanu ndi mmodzi timakokabe masokosi mwa njira ya Wooden, ndipo mmodzi anavula nsapato kuti ationetse.

Kwa Dean Smith tinatengako chizolowezi chimodzi chimene chinakhazikika pa bwalo lathu. Iye ankalamula kuti wogoletsa aliyense aloze chala kwa amene wamupatsira mpira, kuti anthu adziwe kumene chigolicho chachokera. Poyamba zinkativuta, popeza kwathu kuno kuloza munthu chala ndi mwano, koma tinazolowera, ndipo ndimaona kuti mwambo umenewo unachepetsa mikangano pakati pa okonda kuponya ndi ogwira ntchito yobisika. Smith ndiyenso anabweretsa Charlie Scott, wosewera wakuda woyamba kulandira thandizo la maphunziro la zamasewero pa North Carolina, m'zaka za m'ma 1960 pamene kuchita zimenezo kum'mwera kwa America kunkafuna kulimba mtima. Iye ndi Thompson anali mabwenzi, ndipo anagwirira limodzi ntchito pa timu ya America ya ku Olympics ya 1976. Atamwalira mu 2015 kunapezeka kuti anasiya mawu akuti aliyense amene anasewera mokwanira m'timu yake atumiziridwe madola 200 kuti akadye chakudya chamadzulo. Mkulu wa mpingo uja atamva zimenezi anagwedeza mutu nati kwathu kuno akanangolamula kuti aphe mbuzi.

Mkangano weniweni unabuka pa dzina la Bob Knight wa Indiana. Mnzathu wina, amene ndi mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina ya ku Thyolo, anati Knight ndiye anali mphunzitsi weniweni, ndipo anawerenga pa zala zikho zake zitatu, za 1976, 1981 ndi 1987, natikumbutsa kuti timu ya 1976 inapambana masewero onse 32, chimene palibe timu ina ya amuna yachitanso m'gawo lapamwamba kuchokera pamenepo. Anawonjezera kuti anyamata a Knight ankamaliza maphunziro awo, ndi kuti mwana woleredwa ndi manja ofewa amagwa pa mphepo yoyamba. Ena tinamukumbutsa za mpando umene Knight anauponya m'bwalo mu February 1985 posewera ndi Purdue, ndi kuti Indiana yomweyo inamuchotsa ntchito mu 2000 chifukwa cha ukali womwewo. Iye anati mpando sunapweteke munthu. Ine sindikana kuti Knight ankaudziwa mpira, ndipo mwina ankaudziwa kuposa Thompson, amenenso sanali munthu wofatsa ngakhale pang'ono, pakuti atolankhani ankamuopa ndipo anyamata ake ankanjenjemera akakweza mawu. Kusiyana kumene ine ndimakuona kuli pa mphindi imodzi yokha, imene mwana walakwitsa pamaso pa anthu ndipo akudziwa kale yekha kuti walakwitsa. Pa zimenezi ndimalankhula ngati mboni, osati ngati woonera.

Mu 1991 mphunzitsi wa ku America uja atabwerera kwawo, timu inatengedwa ndi mphunzitsi wina wa konkuno, wodziwa kulimbitsa thupi koma wamtima wapachala. Tinakwera lole kupita kukasewera ndi sukulu ina ya ku Thyolo, pa bwalo la simenti long'ambikang'ambika, atsikana a sukuluyo atazungulira bwalo akuimba nyimbo zotinyoza. Chakumapeto tinkatsalira ndi pointi imodzi, mpira uli m'manja mwanga, ndipo ndinamva wina akuomba m'manja kumanja kwanga akuitana kuti, "Kuno, kuno!" Ndinaupereka osayang'anitsitsa. Anali mnyamata wa timu inayo, ndipo mpaka lero ndimakumbukira mano ake akuseka pamene ankaulandira. Mphunzitsi wathu anandikalipira pakati pa bwalo pomwepo, nanditchula mayina amene sindingawalembe pano, atsikana aja akuwabwereza mokuwa. Pobwerera, lole ikudutsa m'minda ya tiyi dzuwa likulowa, palibe anandilankhula, ndipo ndinakhala kumbuyo kwenikweni pafupi ndi tayala losinthira. Tili cha ku Luchenza, Akeem anadzuka pamalo pake, nayenda mogwira m'mbali mwa lole, nandikoleka m'khosi kathaulo kake kakuda ndi thukuta, n'kunena kuti, "Fred Brown, sendera ndikhale." Kuyambira tsiku limenelo dzina langa pakati pa anthu amenewa ndi Brown, ndipo pa maliro paja mkazi wa malemuyo anandilonjera kuti, "Mwafika, alamu a Brown," osadziwa kuti dzinalo ndi chipsera. Mkulu wa mpingo uja, atamva kuti inenso ndinkaseka Brown wa pa tepi ndisanalakwitse, anangoti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

M'katoni muja munalibe tepi ya 1984. Tinkadziwa mwa kumva kuti chaka chimenecho Georgetown inagonjetsa Houston 84 kwa 75 ku Seattle, Ewing atakumana ndi Olajuwon, ndipo mwina zinali bwino kuti sitinaione, chifukwa holo yathu ikanagawanika pakati. Tinkadziwanso kuti Thompson anakhala mphunzitsi wakuda woyamba kutenga chikho chimenecho, ngakhale iye mwini sankakondwa kufunsidwa za ulemu umenewo, ponena kuti analipo ambiri m'mbuyomo amene akanatha kupambana akanapatsidwa mpata. Chimene sindinkadziwa, mpaka Thompson atamwalira mu August 2020 ndikuwerenga mbiri yake pa foni, n'chakuti Fred Brown anali akadali m'timu imeneyo, m'chaka chake chomaliza, ndi kuti masewero ali pafupi kutha Thompson anamutulutsa m'bwalo namukumbatiranso pamaso pa anthu, ulendo uno akusekerera. Kwa zaka pafupifupi 30 ndinanyamula dzina la munthu amene ndinkamuyesa wogonja basi, pamene iye anali atavala kale mphete ya chipambano ine ndisanagwire n'komwe mpira. Ndinamuimbira Akeem kumuuza, ndipo anati aziona yekha ndi maso ake tsiku limene tidzakumane pamalo a netiweki yabwino. Tinakumana kangapo pambuyo pake, pa maukwati ndi pa maliro a ena, ndipo nthawi zonse tinkaiwala.

Kutatsala pang'ono kucha, tambala woyamba atalira ndipo amayi ayamba kusonkha moto wa phala kuseri kwa nyumba, tinapempha mwana wa mlongo wa malemuyo kuti atipezere masewero a 1984 pa YouTube. Anati bandulo yake yatsala pang'ono, ingakwane kanema mmodzi wamfupi, ndiye tisankhe. Tinayang'anana, ndipo wa nanazi uja anati, "Ikani ya 1982 yomweyo." Palibe anatsutsa, ngakhale ine. Tinaunjikana amuna asanu ndi mmodzi ndi mkulu wa mpingo pa kafoni kong'aluka galasi, utsi wa bulugamu ukutilowa m'maso, ndipo kwa ena a ife kanali koyamba kuona masewerowo ali ndi mitundu, yunifolomu ya Georgetown ili yabuluu wakuda, thaulo la Thompson lili loyera monga tinkalidziwira. Jordan anadumpha, mpira unalowa, Brown anautenga n'kuyamba kuwoloka nawo pakati pa bwalo. Mphunzitsi wamkulu wa ku Thyolo uja, woikira kumbuyo Bob Knight, anaiwala kuti tili pa siwa, naimirira, bulangete n'kugwera m'phulusa, nakuwa kuti, "Usampatse ameneyo, si wako!" Nyimbo ya m'nyumba inadukiza, ndipo mayi wina anasuzumira pakhomo kuti aone chimene chachitika.